Chaka Chimene Anabwera Kudzayeza Utsi wa Machubu

Ana anga, za ubwana wanga ndilibe zambiri zoti ndilembe. Sukulu ndinalekezera sitandade folo, choncho pamene mawu apindika muwongole nokha. Ndiyambira pa ntchito, chifukwa ndiyo inakulerani.

1995

Bambo anu anamwalira mwezi wa Meyi, chimanga chisanalowe m'nkhokwe. Titameta, abale awo anatenga njinga, wailesi ndi malata amene tinkasungira nyumba yatsopano. Ndinatsala ndi inu anayi ndi munda wa mbatatesi wopanda feteleza. Amene anandiuza za ntchito ndi Nangozo, mnzanga wa ku mphakati, mayi wamfupi woseka kwambiri amene tinkayimba limodzi kwaya. Iye ankagwira kale ntchito pa nazale ya mitengo kumunsi kwa Bembeke, m'mbali mwa mtsinje. Nazaleyo inali ya bungwe lina lodzala mitengo limene chithandizo chake chinkachokera kunja. Nangozo anandigwira dzanja n'kukandiimika pamaso pa kapitawo, n'kunena kuti uyu ndi m'bale wanga, salankhula zambiri koma manja ake ndi achangu.

Kapitawoyo anali a Kachingwe, bambo wamtali wa imvi pang'ono, amene anagwirapo ntchito m'nkhalango za boma nthawi ya chipani chimodzi. Anandiyang'ana kuyambira kumutu mpaka kumapazi, kenako anati pano lamulo ndi limodzi: katundu wa bungwe satuluka pa geti, ngakhale msomali wopindika. Nangozo anandinong'oneza kuti si zocheza, chaka chathachi anachotsa bambo wina chifukwa cha mpini wa khasu. Anandiuzanso kuti ntchitoyi si yokhazikika. Chaka chilichonse mwezi wa Julayi a Kachingwe ankaimirira pa khonde la shedi n'kuwerenga mayina, ndipo amene dzina lake silinamveke ankabwerera kunyumba osafunsa chifukwa.

Ntchito yathu inali kusefa dothi, kulisakaniza ndi mchenga ndi manyowa, n'kumathira m'machubu. Machubu ndi timatumba takuda tapulasitiki timene mbande zimakuliramo. Tinkakhala pansi m'mizere, m'chisanu cha Julayi chija, zala zikung'ambika. Kenako kufesa paini ndi bulugamu, kuthirira ndi makheni m'mawa ndi masana, kuzula udzu, mpaka mvula igwe.

1996 ndi 1997

Zaka ziwirizi ndinaphunzira ntchito, ndinaphunziranso chinsinsi cha amayi a pa nazale. Mvula ikagwa, mbande zinkapita m'mapiri kukadzalidwa. Podzala, chubu umaching'amba n'kuchichotsa. Zong'ambikazo zinkabwerera ku nazale m'matumba, ndipo lamulo linali loti ziwotchedwe m'dzenje kuseri kwa shedi. Koma mukudziwa mmene nkhuni za kuno zimakhalira mwezi wa Januwale. Zimanyowa mpaka mkati, umauzira moto mpaka maso kufiira, ana akudikira phala kuti apite ku sukulu. Chubu chimodzi ukachipinda n'kuchiyatsa, chimadontha moto pa nkhunizo ndipo zimagwira. Choncho aliyense ankakulunga machubu ong'ambika m'chitenje poweruka. Kudzenje kunkapita ochepa chabe oti utsi uoneke. Sitinkati n'kuba, popeza zinali zinyalala. Komabe palibe amene ankazitulutsa poonekera, chifukwa mpini wa khasu uja tonse tinkaukumbukira.

Inali nthawi imene matipate anali atangokhazikika. Anthu ankalankhula momasuka pa msika, koma mantha akale anali asanachoke m'mafupa. Ife tinakula tikudziwa kuti munthu wachilendo akafika ndi kope n'kumafunsa mafunso, wina m'mudzimo agona kwina. Pamwamba pa izo, kulikonse kunkamveka zoti akuchepetsa antchito. Machubu enieniwo ankavuta kupezeka. Chaka china anachedwa miyezi iwiri, tinayamba kufesa m'mapaketi a shuga amene tinkatola ku msika.

Januwale 1998

Lolemba lina galimoto ya bungwe inatsitsa mtsikana wovala jombo zatsopano, atanyamula chikwama ndi sikelo yopachika, yonga imene amayezera mbatatesi. A Kachingwe anatisonkhanitsa n'kunena kuti awa ndi a Tiyamike, achokera ku sukulu ya ukachenjede ku Lilongwe, akhala nafe milungu ingapo. Nkhope yawo inkaonetsa kuti nawonso sanauzidwe zambiri.

A Tiyamike anafotokoza mwaulemu, manja ali kumbuyo. Anati pulasitiki amapangidwa kuchokera ku mafuta a pansi pa nthaka, ndipo popanga pamatuluka mpweya woipa, powotcha pamatulukanso wina. Mpweyawo amautcha kaboni, ndipo ukachuluka kumwamba dziko limatentha, mvula n'kusokonekera. Mitengo imameza mpweya umenewo. Ndiye anthu akunja amene ankathandiza bungwe ankafuna kudziwa kuti manazale awo akutulutsa wochuluka bwanji kudzera m'machubu, kuti aone ngati mitengo yathu ikumezadi wambiri kuposa umene tikutulutsa. Anati iwo aziyeza machubu onse ong'ambika asanawotchedwe, kenako kulemera kwakeko achulukitsa ndi nambala ina ya m'buku, yankho lake ndiye utsiwo. Anapempha kuti tizikutumula dothi n'kuumitsa machubuwo m'shedi.

Palibe anafunsa funso. Koma pa nkhomaliro, titakhala patokha pansi pa mtengo wa pichesi, Nangozo anati kuyambira kubadwa kwake sanaonepo munthu akuika utsi pa sikelo, ndipo dziko likutenthalo alisonyeze, iye abwere nalo ku Bembeke adzawothe. Tinaseka, koma kuseka kwake kunali kwapamwamba. Mayi wina wachikulire, Nabanda, anati nkhaniyi ndi yapafupi: ku ofesi akudziwa machubu amene anatipatsa, tsopano akufuna kuona amene abwerera, ndipo akapeza kuti ndi ochepa afunsa kumene apita. Zautsizo ndi chophimba chabe. Tonse tinaona kuti n'zomveka.

A Kachingwe anasankha ine kuti ndizinyamula matumba kupita nawo pa sikelo, poti ndinali wosalankhula. Tsiku loyamba ndinapachika thumba, muvi wa sikelo unangosuntha pang'ono. A Tiyamike analemba, n'kufunsa ngati ndi onse a tsikulo. Ndinati eya. Anayang'ana ku phiri kumene anthu ankadzala, anayang'ananso thumbalo.

Pano ndilembe mosabisa, chifukwa ena amaifotokoza mosiyana: nzeru imene inatsatira inali yanga. Ndinauza anzanga kuti ngati akufuna kulemera, tiwapatse kulemera. Machubu amene tinawotcha kale kunyumba sangabwerere, koma majumbo akuda a pa msika ukawang'amba sasiyana ndi chubu. Tinayamba kutola majumbo pa msika wa m'mbali mwa msewu, pamene amagulitsira kabichi ndi mbatatesi. Loweruka ndinapita ku Dedza boma kwa Che Saidi, mwini golosale amene ankadziwana ndi bambo anu, n'kupempha mapulasitiki okutira katundu amene ankataya. Anandipatsa thumba lonse, koma anafunsa kuti, “Mayi, anthu akuthawa zinyalala, inu mukuzikweza basi. Kumudziko kwagwanji?” Ndinati ndikufolera khola la nkhuku.

Sitinalekere pomwepo. Pansi pa thumba tinkasiyako dothi, pakati n'kuwazako madzi, pamwamba n'kuika machubu ouma bwino. Muvi wa sikelo unayamba kukwera mosangalatsa. Nangozo ankati ndikadapita patali ndi sukulu bwenzi ndili nduna.

Febuluwale 1998

Patapita milungu itatu, a Tiyamike anandiitana m'shedi nthawi imene ena anali kumtsinje. Ankanditchula kuti amayi. Anati pali chinthu chikuwasowetsa mtendere. Anati anapita kosungira katundu n'kuyeza machubu atsopano, ndipo anawerengera kuti machubu onse amene nazale yathu inalandira akanalemera bwanji. Tsopano zong'ambika zimene ndinkapachika ine zinali zitaposa kale pamenepo, pomwe kudzala kunali kusanathe. Anati nazale yathu ikuoneka ngati ikuwotcha pulasitiki wambiri kuposa amene inapatsidwa, komanso kuposa ya ku Kasina ndi ya ku Kaphuka kuziphatikiza.

Ndinati mwina sikelo yawonongeka. Anati anaiyesa ndi paketi ya shuga, ili bwino.

Kenako ananena mawu amene ndimawakumbukirabe. “Amayi, pepala ili likapita mmene lililimu, nazale yanu ikhala yoipa kuposa onse. Ndamva ku ofesi kuti chaka chino akufuna kutseka imodzi. Sindikunena kuti atseka chifukwa cha pepala langa, koma sindikufuna kuwapatsa chifukwa chabodza.”

Ndinawayang'ana nkhope kuti ndione ngati ndi msampha. Munthu wofuna kuti uulule amayamba wakuopseza ndi chinthu chachikulu kuti chaching'onocho uchitulutse wekha. Ndinapempha kuti ndione pepalalo. Manambala ambiri sindinkawatsata, koma mayina ndimatha kuwerenga, ndipo ndinkafuna dzina langa, la Nangozo kapena la Nabanda. Ndinatsata ndi chala mzere uliwonse, kutsogolo ndi kuseri. Munalibe dzina la munthu, munali masiku ndi makilo basi. Koma ndinaganizanso kuti kope la mayina likhoza kukhala lina, m'chikwama.

Ndinati ndikaganize. Masiku awiri ndinathira dothi ngati munthu wodwala. Ndikaulula, ndiye kuti ndavomera ndi pakamwa panga kuti ndinkatulutsa katundu pa geti, komanso ndinanamiza mlendo wa bungwe, ndipo Julayi akubwerayo dzina langa silimveka. Iwe Agnesi unali sitandade eyiti chaka chimenecho, ndipo wamng'ono wanu, Pio, ankatsokomola mvula yonse. Ndikakhala chete, mwina nazale yonse itsekedwa chifukwa cha majumbo a pa msika amene ndinabweretsa ine. Ndinamuuza Nangozo tikuchapa makheni. Iye anati mtsikanayo akundinyengerera, anthu ophunzira amalira ndi diso limodzi. Anati tingochepetsa madzi ndi dothi pang'onopang'ono, nkhani izizira yokha. Ndinati zolembedwa kale sizichepa. Anaika kheni pansi n'kunena kuti, “Nasibeko, ndinakubweretsa pano ndine. Ukakatsegula pakamwa ukumbukire zimenezo.”

Lachitatu m'mawa kunali mvula yowaza. Ndinapita kunyumba ya aphunzitsi kumene a Tiyamike ankagona n'kuwapempha kuti tipite kwathu, chikwama achisiye. Anachisiya. Ndinawalowetsa m'khitchini mwanga, ndinasanja nkhuni zonyowa, n'kusolola chubu pa denga pamene ndinkabisa. Ndinachiyatsa. Chinadontha moto, nkhuni zinagwira, utsi wakuda wonunkha unadzaza m'nyumba. Ndinati kumene amapita machubu ndi kuno. Ndinafotokozanso za majumbo, za dothi ndi za madzi, ndipo ndinati zonsezo ndi ine.

A Tiyamike anatuluka panja akutsokomola, misozi ili m'maso chifukwa cha utsi. Atapuma anafunsa kuti chifukwa chiyani sitinangonena poyamba. Anati kwa iwo chubu chikapsa kudzenje kapena m'khitchini n'chimodzimodzi, utsi wake umakwera kumwamba komweko, ndipo akanangolemba kuti zapsa. Sanatumidwe kudzafufuza akuba. Ndinawayankha kuti ife sitinaonepo munthu wotumidwa kudzafufuza akuba amene amanena kuti watumidwa zimenezo. Kenako anafunsa ngati ana amakhala m'khitchinimo moto ukamayatsidwa, ndinati Pio ndiye amakonda kuwotha. Anati ndisiye, utsi umenewo umapweteka chifuwa. Ndinawafunsa kuti nanga nkhuni zonyowa ndiziyatsa ndi chiyani.

Anati kuyeza konse kuyenera kuyambiranso, ndipo sangayambirenso osauza kapitawo chifukwa chake. Ndinati ndikudziwa, ndikanena ndekha.

A Kachingwe anandimvetsera ataimirira pa khomo la shedi, kope lawo lili kukhwapa. Nditatha anafunsa kuti enawo ndani. Ndinati ndine ndekha. Anati mayi mmodzi sangawotche machubu a phiri lonse, ngakhale ataphika mowa tsiku lililonse. Ndinati khitchini yanga ndi yozizira kwambiri. Anafunsanso kachiwiri, ndinayankha chimodzimodzi. Anatsegula kopelo n'kulitsekanso osalembamo kanthu, ndipo m'pamene ndinazindikira kuti nawonso milungu yonseyi sankagona, poganiza kuti mtsikanayo watumidwa kudzafufuza iwo. Patapita zaka ndinamva kuti akazi awo ankayatsiranso moto machubu omwewo. Tsiku limenelo anangoti ndibwerere ku ntchito, nkhani yanga aiona mwezi wa Julayi.

Milungu iwiri yotsalayo tinayeza moona. A Tiyamike anasintha njira. Anasiya kudalira matumba, anayamba kuwerenga mbande zimene zatuluka pa geti, popeza mbande iliyonse ndi chubu chimodzi. Anafunsanso amayi kuti pa sabata amayatsira machubu angati, koma palibe anaulula. Aliyense ankati sadziwa zimene akunena. Pa nkhomaliro ndinkadya ndekha. Ndikafika pansi pa pichesi paja nkhani inkatha, wina n'kuyamba kufunsa mtengo wa mchere. Tsiku limene a Tiyamike ankachoka anandipatsa moni wa manja awiri pamaso pa onse, ndipo ndinalakalaka akanangodutsa.

Julayi 1998

Miyezi inayi ndinakhala ndikudikira. Ndinalima mbatatesi zambiri kudimba pokonzekera kuti mwina ndi zimene tizidya. Za pepala lija sitinamve kalikonse. A Kachingwe ndikakumana nawo ku tchalitchi ankangogwedeza mutu.

Tsiku lowerenga mayina kunali nkhungu yoti munthu wa pa mzere wachitatu sumamuona bwino. Tinaima pa bwalo, manja m'zitenje. A Kachingwe anayamba ndi kunena kuti nazale yathu siitsekedwa, atseka ina ya kutali kumene madzi anaphwa. Anthu anapuma. Kenako anati koma chithandizo chachepa, chaka chino alemba anthu ochepa, ndipo mndandanda wachokera ku ofesi, si iwo anaulemba. Anawonjezera kuti kuyambira tsopano machubu ong'ambika sadzawotchedwanso, azisungidwa m'shedi yokiya, ndipo pakhala munthu woyeza n'kulemba.

Anawerenga. Dzina langa linali lachinayi, ndipo anati ndine amene ndizigwira sikelo. Nabanda anamveka. Anapitiriza mpaka anatseka kope. Amayi asanu sanamveke, ndipo mmodzi wa iwo anali Nangozo.

Anthu atabalalika ndinatsatira a Kachingwe m'shedi n'kuwafunsa ngati asanuwo achotsedwa chifukwa cha zimene ndinanena. Anati ayi, ku ofesi anangochotsa amene amakhala kutali ndi nazale. Ndinati Nangozo amakhala pafupi kuposa ine. Anati ndiye mwina anayang'ana zina, iwo sakudziwa, ndipo ngati ntchito sindikuifuna ndinene pali ambiri panjapo. Ndinatenga pa msomali sikelo ija imene a Tiyamike anasiya.

Ndinagwira ntchito imeneyo zaka zambiri, pa Bembeke kenako ku Kasina, ndipo ndi imene inakufikitsani pamene mulipa. A Tiyamike ndinakumana nawo kamodzi, atakula, ali ndi galimoto yawo. Ndinawafunsa funso lomwelo. Analumbira kuti m'pepala lawo munalibe dzina la munthu, ndipo anati sakukhulupirira kuti ku ofesi analiwerenga n'komwe mpaka kumapeto. Mwina ankanena zoona. Koma wina analemba mndandanda uja, ndipo anadziwa woti amupatse sikelo.

Tsiku la mayinalo, nditatuluka m'shedi, ndinapeza Nangozo akundidikira pa geti. Sanalire ndipo sanakweze mawu. Anamasula chitenje chake chakunja, anachikutumula pamaso panga mbali zonse ziwiri, n'kutambasula manja.

“Yezani, abwana,” anatero. “Ndisatuluke ndi kanthu.”

Ndinamuuza kuti sindinatchule dzina lake kwa munthu aliyense. Anati akudziwa, ndine wosalankhula, ndi mmene anandiyamikirira pondibweretsa. Anamanganso chitenje chake n'kukwera njira ya ku msika. Ine ndinabwerera kukasefa dothi, chifukwa machubu a chaka chimenecho anali atafika kale.